Kuyeza Nsima, Kuchiza Munthu: Mawu kwa Ofuna Kuphunzira za Kadyedwe

Nkhani yokambidwa kwa ophunzira a Fomu 4 pa tsiku lokambirana za maphunziro a ku yunivesite



Mwandipempha kuti ndikambe za maphunziro a kadyedwe ndi ntchito ya dietitian. Ndiyambe ndi inu makolo, chifukwa nkhaniyi kawirikawiri imakafera pakhonde panu. Mwana akabwera n'kunena kuti akufuna kukaphunzira za zakudya ku Bunda, bambo amamuyang'ana n'kufunsa kuti, “Fizi yonse ndakulipirira ija, iwe ukufuna ukaphunzire kuphika? Amayi akowa sakukwanira kukuphunzitsa?” Mwana uja amafufuta mwakachetechete n'kulemba zina. Kuphika sindikunyoza, ndipo mumva kutsogoloku kuti dietitian wosadziwa za kukhitchini ndi wachabe. Koma maphunziro ndikunenawa ndi sayansi, ndipo muli chemistry ndi masamu ochuluka kuposa mmene ambiri a inu mungakondere.

M'chaka cha 1990 dziko lino linkasunga anthu pafupifupi 900,000 othawa nkhondo ku Mozambique. Ankalandira ufa wa chimanga, nyemba, mafuta ndi mtedza. Kenaka mtedza unasiya kubwera kwa miyezi ingapo. Poyang'ana ndi maso panalibe choopsa, poti ufa unalipo ndipo nsima inkaphikidwa. Koma m'misasa ya kumwera anthu anayamba kuda ndi kukakala khungu pakhosi, m'manja ndi m'mapazi, pamene pamawomba dzuwa. Kenaka kutsegula m'mimba. Ena mutu unayamba kusokonezeka. Chaka chimenecho chokha analembedwa odwala oposa 18,000. Matendawa ndi pellagra, ndipo amadza thupi likasowa vitamini wotchedwa niacin. Chimanga chili naye niacin, koma ndi womangika, matumbo athu sangathe kumutenga wambiri. Mtedza uja ndiwo unkatseka mpatawo. Anthu a ku Mexico, kumene chimanga chinachokera, amachiphika ndi laimu kapena phulusa, ndipo zimenezo zimamasula vitaminiyu. Mbewu inawoloka nyanja kufika kuno, koma luso lija linatsala komweko. Mliriwo unazilala pamene anthu anapatsidwa mapiritsi, mtedza unabweranso, ndipo ufa unayamba kuthiridwa niacin.

Munthu wophunzira kadyedwe ndi amene angatenge mndandanda wa chakudya ngati umenewo, n'kukhala pansi ndi pensulo, n'kunena khungu la munthu lisanayambe kuda kuti, “Anthu awa adwala.” Kuti afike pamenepo amayamba ndi chemistry, biology, physics ndi masamu m'chaka choyamba, ndipo ambiri amene anabwera akuganiza za makeke amadzidzimukira pomwepo. Kenaka amaphunzira biochemistry, ndiko kutsata mtanda wa nsima kuyambira mkamwa mpaka utasanduka shuga m'magazi ndi mphamvu m'minyewa. Amaphunzira mmene chiwindi, kapamba ndi impso zimagwirira ntchito, tizilombo toononga chakudya, kasungidwe ndi kakonzedwe ka zakudya, kayezedwe ka ana ndi akulu, ndi statistics, imene ophunzira amadana nayo pachiyambi koma ndiyo imadzawadyetsa.

Chimene chimakoma m'maphunzirowa n'chakuti zinthu zimene mwakula mukuziona zimayamba kuoneka mwina. Tengani mkangano wa mgaiwa ndi ufa woyera. Pa wailesi mumamva kuti mgaiwa ndiye wabwino, ndipo n'zoona: pokonola timataya madeya ndi kamtima ka chimanga, mmene muli mafuta, mavitamini ndi mbali ya ayironi ndi zinki, n'kupatsa nkhumba ndi nkhuku. Koma nkhani sithera pamenepo. M'chimanga chosakonola muli chinthu chotchedwa phytate, chimene chimagwira ayironi ndi zinki m'matumbo kuti zisalowe m'magazi. Kukonola ndi kuviika mphale m'madzi, kumene agogo athu amachita pokonza ufa woyera, kumachepetsa phytate ameneyu. Ndiye wina amataya michere, wina amaisunga koma yomangika. Wosaphunzira amasankha mbali n'kuyamba kulalikira. Wophunzira amayamba wafunsa kuti akudyayo ndani, ali ndi zaka zingati, ndiwo zake n'chiyani, ndipo kodi akadya amatsitsira tiyi, amene nayenso amatsekereza ayironi, kapena amadya bwemba, malambe ndi malalanje, zimene vitamini C wake amathandiza ayironi kulowa.

Kapena phala la mwana wa miyezi isanu ndi itatu. Mimba yake ndi yaing'ono. Phala likalimba samatha kumeza, ndiye mayi amathiramo madzi, mwana n'kukhuta madziwo. Mankhwala ake ali m'nyumba momwemo: chimera chophikira thobwa. Mbewu ikamera imapanga amylase, amene amaphwanya sitachi. Mukathira kasupuni ka ufa wa chimera m'phala lolimba likadali lofunda, limasungunuka lokha osathiramo dontho la madzi, ndipo mwana amadya chakudya chochuluka m'kambale komweko. Thiranimo nsinjiro, usipa wosinja kapena dzira, ndiye kuti mwapanga chakudya chimene mwana angakule nacho.

Ngakhale dothi limalowamo. Wasayansi wathu wa zanthaka, Dr Allan Chilimba, pamodzi ndi anzake a ku University of Nottingham, anaonetsa kuti chimanga cha m'madera ambiri a dziko lino chili ndi selenium wochepa kwambiri chifukwa cha mtundu wa dothi, pamene cha m'madera ena a m'chigwa cha Shire chili naye wochulukirapo. Mabanja awiri akhoza kudya nsima yofanana kukula ndi kuyera, magazi awo n'kusiyana chifukwa cha munda.

N'chifukwa chiyani boma ndi mabungwe amathira ndalama m'zimenezi? Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Mu 2010 anali 47. Kupinimbira si kufupika kwa kumtundu ayi. Ndi chizindikiro chakuti m'masiku 1000 oyamba, kuyambira pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri, thupi ndi ubongo sizinalandire zokwanira, ndipo zambiri zotayika pamenepo sizibwereranso. Kafukufuku wina, wa Cost of Hunger, anawerengera kuti mu 2012 kunyentchera kwa ana kunaluzitsa dziko lino ndalama zofanana ndi 10.3 peresenti ya chuma chonse chimene tinapanga chaka chimenecho. Koma pali zina zimene zatheka, ndipo ndibwino muzidziwe kuti musaganize kuti ntchitoyi ndi yongolira maliro. Mu 2001 ana aang'ono 59 mwa 100 ankasowa vitamini A. Pofika 2016 anatsala pafupifupi anayi. Pakati pa zaka zimenezo pali makapisozi a kusikelo, mafuta ophikira ndi shuga wothiridwa vitamini A, komanso mbatata yofiira mkati monga Zondeni ndi Kadyaubwerere. Zinki ndiye akadali vuto: mu 2016 momwemo anthu pafupifupi 60 mwa 100 anapezeka operewera.

Chiponde nonse mumachidziwa, ndipo ena a inu munabako cha mng'ono wanu; musaweramitse mitu, si inu nokha. Chinayambira ku France cha m'ma 1996, m'manja mwa dokotala André Briend ndi kampani ya Nutriset, koma umboni wambiri wakuti chimachiza mwana ali kunyumba unapezeka kuno: Dr Mark Manary anachiyesa ku Blantyre kuyambira 2001, ndipo mu 2002 ku Dowa kunayamba ndondomeko yochizira ana onyentchera kumudzi komweko. Mu 2007 WHO ndi UNICEF anavomereza njirayi kuti igwire ntchito padziko lonse. Kapaketi kamodzi kamalemera magalamu 92 ndipo muli makalori 500: mtedza wopera, mkaka wa ufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere ina. Nzeru yake yagona pa kusowa madzi. Popeza mulibe madzi, tizilombo sitiswana, sichifuna fuliji, sichifuna moto, ndipo mayi sasowa kusiya ana ena ndi munda kuti akagone kuchipatala milungu ingapo.

Zonse ndanenazi wozidziwa timamutcha nutritionist. Amagwira ntchito ndi anthu ambiri nthawi imodzi: mudzi, sukulu, boma lonse, fakitale. Dietitian amaphunzira zonsezo, kenaka amalowa mu wodi n'kuima pambali pa bedi la munthu mmodzi. Kwa iye chakudya ndi mankhwala, chili ndi mlingo, ndipo akalakwitsa mlingowo munthu akhoza kufa. Apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri samvetsa.

Mwana wafika ku NRU, wodi ya ana onyentchera ngati ija ya Moyo ku Queen Elizabeth. Watupikana mapazi ndi nkhope, tsitsi lafiira, sakufuna kudya. Kalamba koyezera mkono kaonetsa kuti sakufika masentimita 11.5. Mtima wa munthu aliyense umati mudyetseni kwambiri, mumupatse mazira, nyama, mankhwala owonjezera magazi. Mukatero mukhoza kumupha. Mtima wake wafooka, chiwindi chatopa, ndipo chakudya chambiri chobwera mwadzidzidzi chimasokoneza michere ya m'magazi monga potassium ndi phosphate mpaka mtima kuima. Ndiye timayamba ndi mkaka wa F-75, umene uli ndi makalori 75 pa mamililita 100 ndi mapuloteni ochepa dala, pang'onopang'ono, maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe, chifukwa ana otere amafa ndi kutsika kwa shuga ndi kuzizidwa m'bandakucha. Ayironi sitimupatsa masiku oyambawo ngakhale magazi ali ochepa. Kutupa kukayamba kuphwa ndipo mwana wayamba kulirira chakudya, m'pamene timasamukira ku F-100 kapena chiponde.

Tulukani m'menemo mupite kwa odwala impso, monga aja amasefedwa magazi pa makina ku Kamuzu Central ndi ku Queens. Kumeneko pafupifupi chilichonse chimene timaphunzitsa kumudzi chimatembenuka. Timauza anthu kuti adye nthochi, mapeyala, tomato, masamba ambiri. Kwa munthu amene impso zake zalephera kutulutsa potassium, zomwezo zikhoza kuimitsa mtima. Timadzudzula amayi kuti asamataye madzi ophikira masamba ndiponso asamathire soda wambiri chifukwa akuononga mavitamini. Wodwala impso timamuuza kuti awiritse mbatata ndi masamba m'madzi ambiri n'kutaya madziwo. Usipa wodyera limodzi ndi minga, umene timautamanda pa mwana, kwa iyeyu umabweretsa phosphate wochuluka. Ngakhale madzi akumwa timamuyezera. Palinso wodwala amene wapsa ndi moto, amene thupi lake likufuna mapuloteni ndi makalori ochuluka kuposa a munthu wolima tsiku lonse. Wina wachita sitiroko ndipo sangameze, akudyera m'kachubu kodutsa m'mphuno, ndipo wina wake ayenera kuwerengera zolowa m'kachubuko pa ola lililonse. Dokotala ali ndi odwala ambirimbiri, namwino nayenso manja ali odzadza. Wowerengerayo ndi dietitian.

Ndipo odwala amene mudzawaone kwambiri ndi a shuga ndi a BP. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi asanu ndi mmodzi mwa 100 ali ndi shuga. M'nyumba imodzi mukhoza kupeza mwana wopinimbira ndi mayi wonenepa mopitirira, onse akudyera mbale imodzi.

Pamenepa m'pamene ndimasiyanitsira dietitian weniweni ndi woloweza mabuku. Mabuku ambiri amene mudzawerenge analembedwa ku America, ku Britain kapena ku South Africa. Amanena za zakudya zimene gogo wa ku Mitundu sanazionepo ndipo sadzazigula. Mukamupatsa pepala lolembedwa zimenezo adzalandira ndi manja awiri, adzathokoza, n'kukaliika m'Baibulo. Akatuluka panja adzakumana ndi mnzake amene adzamuuze kuti odwala shuga saloledwa nsima, kuti uchi ndi shuga wabulawuni alibe vuto, kuti angomwa zowawa achira. Gogo uja adzasiya nsima, adzapitiriza kubaya insulini, ndipo tsiku lina adzagwa kumunda shuga atatsikitsitsa. Ntchito yanu ndi kutenga magalamu a m'buku n'kuwasandutsa zinthu zimene zili m'dengu mwake. Mtanda wa nsima ya mgaiwa ukhale waukulu ngati chibakera chake chomwe, osati atatu. Theka la mbale likhale nkhwani, bonongwe, chisoso kapena mpiru. Nyemba, nandolo kapena usipa pambali. Masupuni atatu a shuga mu tiyi achoke, Sobo ndi Fanta zichoke, thobwa lotsekemera lichepe, ndipo asadumphe chakudya atamwa mankhwala. Mchere usapitirire magalamu asanu pa tsiku, ndiye kuti kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi wa m'nsomba zouma ndi m'timakyubu tokometsera ndiwo. Ndipo muyenera kufunsa funso limene buku silifunsa: amaphika ndani kunyumbako? Ngati ndi mpongozi, muitaneni nayenso, chifukwa kulangiza gogo yekha n'kutaya mawu. M'zipatala zathu zambiri mbali ina ya chakudya cha wodwala imachokera pa mafuwa a gadiyani kuseri kwa wodi. Malangizo amene gadiyani sangathe kuphika ndi ndalama zimene ali nazo m'kansalu si malangizo.

Choncho Chichewa chanu, Chitumbuka, Chiyao, Chilhomwe kapena Chisena chanu ndi chida cha ntchito chofanana ndi sikelo. Ndaonapo ophunzira anzeru amene amatha kufotokoza za insulini m'Chingerezi kwa ola lathunthu, koma akaima pamaso pa mayi wa kumudzi lilime limauma. Yesetsani kuyambira pano kufotokozera agogo anu zimene mwaphunzira mu biology mpaka amve.

Njira yake ndi iyi. Pa MSCE mufunika ma credit asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo limbikirani kwambiri biology, chemistry, physics ndi masamu, chifukwa mpikisano wake uli pamenepo. Kusankhidwa kupita ku mayunivesite a boma kumadzera ku NCHE. Werengani bwino chikalata chawo cha chaka chimenecho musanalembe zosankha zanu. Nyumba yakale ya maphunzirowa ndi Bunda, imene kale inali koleji ya University of Malawi ndipo tsopano ili pansi pa LUANAR. Akatswiri ambiri a kadyedwe m'dziko muno anadutsa m'manja mwa aphunzitsi a kumeneko monga Dr Beatrice Mtimuni. Ku NRC, imene nayonso ili pansi pa LUANAR, kuli dipuloma, ndipo ambiri anayambira kumeneko n'kudzakwera pambuyo pake. Za dietitian ndi zatsopano: kale ankawerengeka ndi zala ndipo anali ophunzira kunja, mpaka mu 2016 pamene LUANAR, mothandizana ndi College of Medicine ndi Tufts University ya ku America, inatsegula maphunziro oyamba a ntchitoyi kwa amene ali kale ndi digiri. College of Medicine ija tsopano ili mu KUHeS, ndipo kumenekonso kuli digiri ya kadyedwe ndi dietetics. Mukamaliza mumagwira ntchito m'mawodi moyang'aniridwa, ndipo simungadzitche dietitian kapena kugwira wodwala musanalembetsedwe ku Medical Council of Malawi. Amene fizi ikuvutani, ngongole za ophunzira za boma zilipo. Funsani aphunzitsi aakulu akuthandizeni kulemba mafomu nthawi ikadalipo.

Inu anyamata amene mwakhala kumbuyoko mukuseka, ntchitoyi si ya atsikana okha. Impso sifunsa kuti woiwerengera potassium wavala siketi kapena buluku.

Za ntchito ndisakunamizeni. Walira mvula walira matope. Kufunika kwa anthu otere ndi kwakukulu, koma kufunika ndi kulembedwa ntchito ndi zinthu ziwiri. Mipata ya boma imatuluka mwa apo ndi apo: ku unduna wa zaumoyo, kumene kuli nthambi yoona za kadyedwe, ku ulimi, ku maphunziro, ndi m'maofesi a ma DC. Mabungwe monga UNICEF, WFP ndi Mary's Meals, imene inayambira kuphikira ana phala kuno mu 2002, amalemba anthu, koma ntchito zambiri za mabungwe ndi za mapulojekiti: ndalama za opereka thandizo zikatha, nanunso mwatha, muyambirenso kusaka. Ena amapita ku mafakitale a zakudya ndi ku Malawi Bureau of Standards kukayeza ngati mchere ulidi ndi ayodini ndiponso ngati mtedza ulibe chuku chobweretsa aflatoxin, poizoni amene amaononga chiwindi. Ena amaphunzitsa, ena amachita kafukufuku, ena ali m'zipatala zolipira. Pali njira inanso imene idzakukopeni mukakhala pakhomo miyezi ingapo opanda ntchito: kuvala gawuni yoyera n'kumagulitsa tiyi wochepetsa mimba ndi mabotolo amene amati amachiza shuga, khansa ndi kusabereka nthawi imodzi, pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ndalama zimabweradi. Koma pali anthu amene asiya ma ARV ndi insulini chifukwa cha mabotolo amenewo, ndipo amene anaphunzira biochemistry n'kumachita zimenezo alibe chowiringula, poti iye akudziwa.

Kwa inu amene mumakonda labotale kuposa wodi, ntchito ikudikira ndi yochuluka. Mu 1938 ndi 1939 gulu lotsogozedwa ndi Dr B. S. Platt linakhala m'midzi ya m'boma la Kota Kota, kuyeza pa sikelo zimene mabanja ankadya nyengo ndi nyengo. Mmodzi mwa iwo, Jessie Williamson, anadzalemba buku la Useful Plants of Nyasaland, lotuluka mu 1955, mmene anasonkhanitsa mayina ndi ntchito za zomera zimene anthu akuno ankadya. Koma buku lathulathu losonyeza michere ya m'zakudya za ku Malawi linadzatuluka m'chaka cha 2019, zaka 80 pambuyo pake. Muli zakudya zopitirira 300, ndipo manambala ena mmenemo ndi obwereka ku mayiko ena chifukwa zathuzo sizinayezedwe mokwanira. Ngumbi, mphalabungu, mbewa, bowa wa m'tchire, masuku, masawu, denje, mfutso wosungidwa m'chikwatu miyezi isanu, kondowole wa chinangwa choviikidwa masiku awiri poyerekeza ndi cha masiku asanu: dietitian akafuna kuuza wodwala impso ngati angadye zimenezi kapena ayi, amafunika nambala, ndipo nambalayo iyenera kuchokera kwa munthu amene anapita kumsika, anagula, anaumitsa, anapera n'kuyeza.

Aphunzitsi aakulu andikodola kuti nthawi yatha. Amene muli ndi mafunso imikani manja, tiyambire kumbuyo kwa anyamata kuja.